Kansapato ndi Nsapato Zofiira

Panali kamtsikana kena. Kunyumba ankakatcha Kansapato. Kusukulu ankakatchanso Kansapato. Kansapato ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kupita kusukulu.

Dzina lakeli silinagwe kumwamba. Kansapato ankakonda nsapato. Ana ena amayang'ana anthu kumaso. Iye ayi. Iye ankayang'ana anthu kumapazi.

Abambo ake anali ometa tsitsi. Nsapato zawo zinali zakuda bii. Pamwamba pake pankagwera titsitsi ta anthu.

Amayi ake anali osoka zovala. Nsapato zawo zinali zobiriwira. Phazi lawo linkavina pa makina osokera. Tchaka tchaka tchaka!

Kansapato anali ndi otizimu. Limeneli ndi liwu la adokotala. Ife tingonena chonchi: Kansapato ankamva zinthu mwa njira yakeyake. Phokoso linkamupweteka m'makutu. Kuyang'ana munthu m'maso kunkamuvuta. Kugwirana chanza sankafuna. Mawu ake anali ochepa. Koma akasangalala, nyumba yonse inkadziwa. Ankakupiza manja ngati kambalame.

Kansapato ankakonda kuti lero lifanane ndi dzulo. Ankadzuka. Ankasamba. Ankavala yunifolomu. Ankavala nsapato. Kenako ankayenda mumsewu ndi amayi ake.

Pageti la sukulu pankaima nsapato zofiira psuu. M'nsapatomo munali aphunzitsi ake.

Aphunzitsiwo ankadziwa moni wa Kansapato. Sankamupatsa dzanja. Ankamupatsa phazi. Nsapato yofiira inkagunda kansapato kakuda. Go! Go! Akatero, sukulu inkayamba.

Tsiku lina kunagwa mliri. Mliri ndi matenda ofala msanga. Amagwira anthu ambiri nthawi imodzi. Wailesi inati anthu azikhala kunyumba. Sukulu inatsekedwa. Malo ometera tsitsi anatsekedwanso.

Koma mliriwo sunapangane ndi Kansapato. M'mawa iye anadzuka. Anasamba. Anavala yunifolomu. Anavala nsapato. Anakaima pakhomo.

"Sukulu," anatero Kansapato.

"Lero kulibe sukulu, mwanangu," anatero amayi.

Kutacha, Kansapato anakaimanso pakhomo.

"Sukulu."

"Lero kulibenso, mwana wanga," anatero abambo.

Kansapato sanamvetse. Msewu unalipo. Nsapato zinalipo. Nanga sukulu yapita kuti? Analira kwambiri. Analowa pansi pa tebulo. Anatseka makutu ndi manja.

Masiku anapita. Kansapato anasiya kudya bwino. Tulo tinkamuvuta. Mawu ake ochepa aja anacheperatu. Manja ake anasiya kukupiza.

Makolo ake anasowa mtengo wogwira. Kansapato sankaona nkhope zawo. Koma mapazi awo ankawaona bwinobwino.

Nsapato za abambo zinalowa pansi pa bedi. Zinachita fumbi. Abambo ankangoyenda ndi masokosi. Sokosi imodzi inali yobooka. Chala chachikulu chinkasuzumira panja.

Amayi ankasoka masiki, tinsalu tophimba pakamwa ndi pamphuno. Ankasoka m'mawa. Ankasoka masana. Ankasoka madzulo. Mapazi awo anatupa. Kale mapazi amenewa ankavina pokolopa m'nyumba. Tsopano ankangokhwekhwereza masilipasi. Khwe, khwe, khwe.

Tsiku lina abambo anaganiza nzeru. Anatenga chipeso chawo chachitali. Anaima patsogolo pa tebulo. Anatsokomola ngati munthu wamkulu.

"Lero aphunzitsi ndine!" anatero abambo. "Tiyeni ana inu, tiwerenge!"

Kansapato anayang'ana pansi. Anaona sokosi yobooka. Anaona chala chosuzumira. Aphunzitsi a chala panja? Ayi ndithu! Anabwerera pansi pa tebulo.

Abambo anakhala pampando. Anagwira tsaya.

"Mayi a mwana, zandikanika," anatero. "Kumeta mwana wolira ndimatha. Koma izi zandikulira."

"Inenso ndatheratu, bambo a mwana," anatero amayi. "Mwana wathu akuvutika. Sindikudziwa chomuchitira."

Makina osokera anakhala chete. Kadontho kamadzi kanagwera paphazi la amayi. Kenako kanagwa kena. Kansapato anakaona. Anadziwa kuti m'nyumba simugwa mvula. Anatambasula dzanja. Anapukuta phazi la amayi ndi chala chake.

Posakhalitsa kunabwera uthenga wabwino. Aphunzitsi anati aziphunzitsa Kansapato pafoni. Amayi anasangalala. Abambo anasangalala. Anaika foni patebulo.

Foni inalira. Pafonipo panatuluka nkhope yaikulu. Maso aakulu! Mano mbee!

"Moni, Kansapato!" inatero nkhopeyo. "Ndakusowa bwanji!"

Kansapato anathawa. Analowa pansi pa tebulo. Anatseka makutu.

Kutacha anayesanso. Foni inalira. Nkhope inatuluka. Kansapato anathawanso.

"Mayo ine," anatero amayi. "Kodi wawaiwala aphunzitsi ake?"

"Musataye mtima, amayi," anatero aphunzitsi. "Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine ndiyamba kuimba kanyimbo kathu. Inu ingokhalani phee."

Aphunzitsi anaimba motsitsa mawu. Inali nyimbo ya m'mawa ya kusukulu.

Pansi pa tebulo, Kansapato anatsekula khutu limodzi. Anatsekula linalo. Mawuwo ankawadziwa. Nyimboyo ankaidziwa. Koma eni ake ali kuti? Anayang'ana pansi ponse. Panali sokosi yobooka. Panali masilipasi. Nsapato zofiira panalibe.

Kansapato anatuluka pang'onopang'ono. Maso ake anali pansi. Anafika pafupi ndi foni. Anakweza phazi lake m'mwamba.

"Iwe, iwe! Usaponde foni yanga!" anakuwa abambo.

"Dikirani, bambo a mwana," anatero amayi. "Akufuna kutiuza kanthu."

Kansapato anaima ndi mwendo umodzi. Anali ndi mantha. Koma sanathawe.

"Nsapato," anatero. Anapuma pang'ono. "Nsapato zofiira."

Amayi anagwira pakamwa. Abambo anangoti kukamwa yasa. Tsopano anamvetsa. Kansapato sanawaiwale aphunzitsi. Akuluakuluwa ndiwo ankamuonetsa mbali yolakwika.

"Aphunzitsi, pepani," anatero amayi. "Talozetsani foniyo kumapazi kwanu."

"Kumapazi?" anafunsa aphunzitsi. "Aa, mundichititsa manyazi!"

Foni ya aphunzitsi inayang'ana pansi. Panaoneka masilipasi aakulu. Anali a amuna awo. Anali ngati mabwato awiri.

Kansapato anapukusa mutu. "Ayi," anatero.

"Ndikubwera!" anakuwa aphunzitsi. "Musadule!"

Kunamveka liwiro. Kunamveka chitseko. Kunamveka mphaka, miyau! Kenako kunamveka mapazi akubwera.

Pafoni panaoneka nsapato ziwiri. Zinali zofiira psuu.

"Aphunzitsi!" anakuwa Kansapato.

Abambo anatsitsa foni msangamsanga. Anaiyedzamitsa kumwendo wa tebulo. Kansapato anasendeza phazi lake. Aphunzitsi anasendezanso lawo.

"Pang'onopang'ono, mwanawe," ananong'oneza abambo. "Foniyi ndi imodzi yomweyi."

Kansapato anagunda mofatsa. Go! Go!

Manja ake ananyamuka okha. Anakupiza. Anakupizanso. Kambalame kaja kanabwerera!

Amayi anaseka. Anaseka mpaka misozi. Koma iyi inali misozi ina. Abambo anavina ndi sokosi yawo yobooka. Nawonso aphunzitsi ankaseka pafoni. Tsiku limenelo Kansapato anawerenga manambala. Anawerengera nsapato zofiira.

Kutacha, Kansapato anadzuka. Anasamba. Anavala yunifolomu. Anavala nsapato. Koma sanakaime pakhomo. Anakwawira pansi pa bedi. Anatulutsa nsapato zakuda zafumbi. Anaziika pamapazi pa abambo.

"Nanenso ndivale?" anafunsa abambo.

"Sukulu," anatero Kansapato.

Anatulutsanso nsapato zobiriwira. Anaziika pamapazi pa amayi.

"Tamva, bwana," anatero amayi.

Abambo anapolisha nsapato zonse. Zinawala waliwali. Onse atatu anatuluka pakhomo. Anazungulira nyumba. Anadutsa pampopi. Anadutsa pachingwe choyanika zovala. Anapatsa moni galu wa aneba. Kenako analowanso pakhomo lomwe lija.

"Tafika kusukulu!" anatero abambo. "Ulendo wake kutalika!"

Foni inali pansi, kumwendo wa tebulo. Nsapato zofiira zinali kudikira. Go! Go! Sukulu inayamba.

Anachita chimodzimodzi tsiku lotsatira. Anachitanso lotsatiralo. Lero linayambanso kufanana ndi dzulo. Mtima wa Kansapato unakhala pansi.

Kansapato akamaphunzira, amayi ankapuma. Ankasanjika mapazi pa pilo. Nthawi zina ankagona. Nthawi zina ankaliza nkonono. Koma akadzuka ankakana.

"Ine? Nkonono? Ameneyo ndi galu wa aneba!"

Abambo anaphunzira kusita masiki. Oyamba anawapsereza. Enawo anatuluka bwino. Amayi anasokera abambo sokosi ija. Chala chachikulu chinasiya kusuzumira.

Masiku ena ankavutabe. Nthawi zina foni inkakana kugwira. Kansapato ankalira. Pamenepo abambo ankatenga pepala lofiira. Ankajambula nsapato ziwiri. Onse ankakhala pansi n'kudikira limodzi.

Loweruka lina amayi ankakolopa m'nyumba. Kansapato anayang'ana mapazi awo. Phazi lina linapita uku. Lina linapita uko. Mapazi a amayi anali kuvina!

Kenako wailesi inanena mawu okoma. Sukulu zitsekulidwa! Koma aliyense azivala masiki.

Amayi anada nkhawa. "Nkhope zonse zikhala zophimba," anatero. "Mwanayu sakachita mantha?"

Anamusokera masiki yofewa. Inali yosakanda. Inali yosathina m'makutu. Kansapato anaiyesa kunyumba, pang'ono lero, pang'ono mawa. Kenako anaizolowera.

Tsiku lotsekulira linafika. Kansapato anadzuka. Anasamba. Anavala yunifolomu. Anavala nsapato. Anakaima pakhomo.

"Sukulu," anatero.

"Inde, mwanangu," anatero amayi. "Lero sukulu iliko!"

Pageti panali anthu ambiri. Onse anali ndi masiki. Maso okha ndiwo ankaoneka. Amayi anayang'ana uku ndi uku. Anaona mayi wina wamtali.

"Mwadzuka bwanji, aphunzitsi?" anatero amayi.

"Pepani, ine si aphunzitsi," anayankha mayiyo. "Ndine kholo ngati inu nomwe."

Abambo anapatsa moni mayi winanso. Nayenso sanali aphunzitsi. Makolo a Kansapato anasokonezeka.

Kansapato sanasokonezeke. Iye anayang'ana pansi. Anaona nsapato zoyera. Anaona nsapato zazingwe. Anaona nsapato zamatope. Anakoka chikwama cha amayi.

"Uku," anatero.

Anawatsogolera pakati pa miyendo ya anthu. Anayenda molunjika. Anaima pansi pa mtengo. Pamenepo panali nsapato zofiira psuu. Sizinali za pafoni. Zinali zenizeni.

Go! Go!

"Takulandira, Kansapato," anatero aphunzitsi motsitsa mawu.

Ana ena anathamangira aphunzitsi. Anatambasula manja. Koma aphunzitsi anabisa manja kumbuyo.

"Chanza ayi, ana inu," anatero. "Mliri sunatheretu."

"Nanga moni tipatsana bwanji?" anafunsa mnyamata wina.

"Funsani Kansapato," anatero aphunzitsi. "Iye ndiye katswiri."

Kansapato anayang'ana nsapato za mnyamatayo. Zinali zabuluu. Chingwe china chinali chomasuka. Ankazidziwa bwino. Mwini wake ankakhala naye benchi imodzi. Kansapato anasendeza phazi lake. Mnyamatayo anasendezanso lake.

Go! Go!

Ana onse anayesa. Makolo anayesa. Alonda a pageti anayesa. Abambo anayesa, n'kutsala pang'ono kugwa. Onse anaseka chapansipansi. Ankadziwa kuti Kansapato sakonda phokoso.

Kansapato anakupiza manja. Analowa m'kalasi osacheuka. Amayi anapuma mpweya wautali. Abambo anawagwira paphewa.

"Tiyeni, mayi a mwana," anatero. "Mwana wathu ali pantchito."

Madzulo onse anakumana pakhomo. Pansapato za abambo panali titsitsi ta anthu. Pansapato za amayi panali kaulusi. Pansapato za Kansapato panali fumbi la kusukulu.

Kansapato anagunda nsapato yakuda. Go! Go! Anagunda nsapato yobiriwira. Go! Go!

Kenako onse anavula. Kansapato anandandalika nsapato kukhoma. Zakuda anaika uku. Zobiriwira anaika uko. Zake zazing'ono anaika pakati.

"Mawa?" anafunsa amayi.

"Sukulu," anatero Kansapato.