Chipinda cha Mbewa za Bere

Dzuwa linali litapendeka, anthu akusamba m'manja kuti aweruke. Mtsikana wosamalira mbewa, amene anzake pa labotalepo ankamutcha Kachete chifukwa cha manyazi ake, anali atavula kale ovolosi pamene adokotala anasuzumira pakhomo.

"Mnzako uja sanabwere. Mbewa za m'chipinda chakumapeto zilibe madzi, utuchi wanyowa. Ukonze usanapite."

M'chipinda chimenecho ndi momwe ankasungira mbewa za bere zobayidwa kachilombo, kuti aone momwe matenda amazigwirira.

"Adokotala, paja ndinakuuzani kuti ndili ndi pakati."

"Uvale magolovesi awiri. Kapena ntchito yakukwana?"

Anatero maso ali pafoni, nkumapita.

Mtima wa Kachete unawira. Munthu yemweyu, alendo akabwera, ankaima pakati pa timakola nkumafotokoza mokoma: mbewa ikatenga bere, chitetezo cha m'thupi mwake chimafatsa kuti chisalimbane ndi ana ali m'mimba, ndiye matenda ena amapezerapo mpata. Ankanena mwachifundo ngati mbewazo ndi azilongo ake. Koma thupi la wantchito, limenelo ndi lachitsulo eti? Mimba yoyamba ya Kachete inapita padera chaka chatha. Apongozi ake mpaka lero amayamba amuyang'ana pamimba asanamupatse moni. Kunyumba mwamuna wake anali chikhalire, ntchito inatha. Akanakana bwanji?

Anavalanso ovolosi, akumanga mabatani ngati akukanyanga khosi la munthu.

Mlonda wachikulire anamupeza m'khonde, nkumupatsa tochi yake. "Geti sinditseka, mwana wanga. Ndikudikira."

Kukada, magetsi a m'zipinda za mbewa amazima okha, nkutsala kababu kofiira. Nthawi imeneyo mbewa zimadzuka. Zimakanda, zimathamanga, zimatafuna, mpaka khonde lonse limamveka ngati mvula ya pamalata.

Tsiku limenelo kunali zii.

Anadutsa chipinda choyamba. Mbewa zonse zinali zitaunjikana kutsogolo kwa timakola tawo, mphuno zitaloza kumapeto kwa khonde. Chipinda chachiwiri chimodzimodzi. Panalibe ngakhale imodzi yotakataka.

Atafika pachitseko chakumapeto, anasuzumira pagalasi. Munali munthu.

Mayi wina, atavala ovolosi yobiriwira yamtundu wakale, anali atafulatira, akukhuthula utuchi. Ankanyamula mbewa iliyonse bwinobwino, nkuiika m'kakhola kouma. Ntchito ankaidziwa. Koma m'manja analibe magolovesi, kukamwa kopanda chotseka.

Mkwiyo unaposa mantha. Ndiye atuma wina osandiuza? Ndiponso amulowetsa chimanjamanja, ngati akukatola nkhuni?

Pantchitoyi sagogoda. Phokoso limadzidzimutsa mbewa za bere, zina mpaka kudzadya ana awo. Kachete anaiwala zonsezo. Anagogoda pagalasi.

"Amayi! Valani magolovesi, mbewazo ndi zodwala!"

Mayi uja anasiya kukhuthula. Sanacheuke.

Kachete analowetsa kiyi, nkupotokola. Loko anatseguka. Anakankha chitseko, koma sichinasunthe. Anakankha ndi phewa. Chinali ngati khoma. Chitseko chimenecho chilibe chokhomera mkati, ndipo mayiyo anali uko, kutali nacho.

Kenako anatembenuka pang'onopang'ono.

Mimba yake inali yaikulu, yotsika. Kuyambira m'chiuno kutsika m'munsi, ovolosi inali yonyowa, yakuda bii. Nkhope sinkaoneka bwino m'kuwala kofiirako. Mapazi ake sanamveke, koma mwadzidzidzi anali pagalasi pomwepo. Galasilo silinachite nthunzi ya mpweya.

"Wakutuma ndani?"

Mawuwo sanachokere mkati. Anamveka pakhutu pake penipeni, aukali ngati a mayi wopeza mwana akuseweretsa moto.

"A... adokotala."

"Iwowo ali ndi mimba?"

Kachete anagwira pamimba pake ndi manja onse awiri. Tochi inagwa.

"Choka! Usadzapondenso pano!"

Chikhatho chinamenya galasi, phaa! Mbewa zonse m'nyumbamo zinalira nthawi imodzi. Kachete anathamanga osacheuka. Pageti mlonda sanamufunse kanthu. Anangomuveka jekete lake, nkumuperekeza mpaka pokwerera basi.

M'mawa adokotala anamulandira akumwetulira.

"Waona? Wafa? Wakonza bwino kwambiri, madzi odzaza, utuchi wouma. Uzichita choncho madzulo alionse mpaka mnzako abwere."

Kachete, amene chiyambire ntchito anali asanakwezepo mawu, anaika kiyi patebulo mwamphamvu mpaka kapu ya tiyi inagwedezeka.

"Sindinalowemo. Ndipo sindidzalowamo. Mukafuna kundichotsa, ndichotseni."

"Nanga wakonza ndani?"

"Mukalowe nokha madzulo ano, mukamufunse."

Akuti adokotala analowadi, mwamakani. Zimene anaona palibe akudziwa. Tsiku lotsatira anamusamutsira Kachete kotsuka mabotolo, akuyankhula chowerama, ndipo kuchokera pamenepo dzuwa silinkawalowera ali pantchito.

Miyezi inapita. Kachete anachira bwino, mwana wamkazi wonenepa. Tsiku lina anabwera naye kuti anzake amuone. Amayi okolopa, omwe anakalambira panyumbapo, anamunyamula mwanayo, nkumukokera Kachete pakona pomwe panali akazi okhaokha.

"Analipo wina kale, ife tikuyamba kumene ntchito," ananong'ona. "Anamutuma m'chipinda chomwecho mimba ili apa. Kunabwera kutentha thupi, mwana anapita, mayi nkutsatira. Malemuyo amabwera pokhapokha m'nyumba muno mukakhala woyembekezera. Iwe utapita kutchuthi, kunali bata."

Anamubweza mwana uja m'manja mwa mayi wake, nkuyang'ana akaziwo mmodzimmodzi.

"Koma sabata ino tapezanso chipinda chija chokonzakonza, m'mawa ulionse. Ndiye ndikufunsa ine, atsikana inu: ndani akubisa?"

Kumapeto kwa benchi, mtsikana wina amene anali atangolembedwa kumene ntchito anaweramitsa mutu, nkukokera ovolosi yake kutsogolo.