Ndani Akugenda Malata?

Elton anali ndi legeni. Ankaikonda kwambiri. Ankapirikitsa nayo mbalame m'munda wa mapira. Koma tsiku lina legeniyo inamuika m'mavuto.

Bambo ake, a Kaliati, anagulitsa nandolo ku Migowi. Anagula malata atsopano. Anasasula udzu, nakhoma malata. Denga linawala kuti mbee! A Kaliati ankangoyenda choyang'ana kumwamba, mpaka kupunthwa.

Dzuwa litakwera, denga linalira. Tha! Tha!

A Kaliati anatuluka msangamsanga. Anapeza Elton, legeni ili m'khosi.

"Iwe Elton, ukugenda malata anga?"

"Si ine, ababa."

"Nanga ndi nkhuku? Ndikamvanso, legeni imeneyo ipsa pamoto."

Elton anachita mantha. Tsiku lonse sanasewere.

M'mawa mwake anapereka legeni kwa amayi ake. Amayi anapita nayo kumjigo. Elton anakhala pakhonde phee.

"Chonde denga, usalire," ananong'ona.

Dzuwa linakwera. Tha! Tha!

"Elton!" anakuwa a Kaliati.

"Legeni ili ndi amayi, ababa."

"Manja ulibe kodi? Amako akabwera, legeni ipsa."

Misozi inalengeza m'maso mwa Elton. Anafunafuna mwala pansi. Mwala panalibe. Kenaka mtambo unachoka ku phiri la Michesi. Unaphimba dzuwa. Tha! Mtambo unadutsa. Dzuwa linawalanso. Tha! Tha!

Elton anayang'ana kumwamba. Mtambo wina unali kubwera. Anayang'ana kunjira. Amayi nawonso anali kubwera!

"Ababa, ndigwireni manja. Onse awiri."

A Kaliati anadabwa, koma anamugwira. Anadikira. Denga linali zii. Amayi anatula ndowa. Denga linali zii.

Mtambo unaphimba dzuwa.

Tha! Tha! Tha!

A Kaliati anayang'ana denga. Anayang'ana manja a Elton. Kukamwa kunali yasaa.

Zelifa, mchemwali wake wa Elton, anali kuchokera kudimba. Atamva nkhaniyo, anaseka.

"Ababa, zimenezi tinaphunzira kusukulu. Malata akatentha, amatalika pang'ono. Akazizira, amafupika. Koma mitengo ya denga siitalika chimodzimodzi. Misomali yagwira zonse pamodzi. Ndiye zimakokana. Zikakokana, denga limalira."

"Ndiye malata anga akudzigenda okha?" anafunsa a Kaliati.

Amayi anaseka mpaka kugwira nthiti.

A Kaliati sanaseke. Ananjuta pamaso pa Elton.

"Pepa, mwana wanga. Unanena zoona. Ine sindinakumvere."

Amayi anamasula legeni kuchitenje. Anampatsa Elton. Mtima wake unakhala pansi.

A Kaliati anaiyang'ana legeniyo. "Mphira iyi yatha," anatero.

Anatenga chubu chakale cha njinga. Anakhala pakhonde ndi Elton. Elton anagwira chubu, bambo ake akudula.