Lulu Agwadira a Ngamira

Uyu ndi Lulu. Lulu amakhala ku Al Qusais, ku Dubai. Amakhala ndi amayi, abambo ndi mlongo wake wamng'ono, Maxon.

Kunja kunali matenda a korona. Lulu ankangokhala m'nyumba. Ankaphunzira pa foni ya amayi.

Tsiku lina abambo anapatsidwa tchuthi.

"Longedzani zovala," anatero abambo. "Tikagona ku hotela. Pafupi pake pali paki ya masewera."

Lulu anali atamva za pakiyo. Kumeneko kuli a Ngamira. Si ngamira yeniyeni. Ndi munthu wovala chovala cha ngamira.

"Ine ndikufuna chithunzi ndi a Ngamira," anatero Lulu.

M'mawa anafika pa geti la paki. Onse anavala masiki. Onse anadzola sanitaiza m'manja.

Lulu anaona katungwe. Sanaime. Anaona kasitima. Sanaime. Ankafuna a Ngamira basi.

A Ngamira anaima kuseri kwa chingwe. Pansi panali madontho achikasu. Mwana aliyense ankaima pa dontho lake. Ankakweza dzanja, n'kujambulitsa, n'kuchoka.

Nthawi ya Lulu inakwana. Lulu anayang'ana m'mwamba. A Ngamira anali aatali kuposa abambo. Anali ndi ndevu zoyera.

"Awa ndi akuluakulu," anaganiza Lulu.

Kunyumba kwa Lulu, mwana sapereka moni ali chiimire. Lulu anadutsa kunsi kwa chingwe. Anagwada. Anatambasula dzanja.

"Muli bwanji, agogo?"

Mlonda anaimba wezulo. "Yalla, yalla!" anatero m'Chiarabu, akuloza dontho lachikasu kuti Lulu abwererepo msanga.

Ana a pamzere anaseka. Mnyamata wina anagwada monyodola. Ana anasekanso. Maxon naye anaseka.

Lulu anachita manyazi. Lulu anathawira pa benchi. Anakokera masiki mpaka m'maso.

"Tiye ukakwere kasitima," anatero abambo.

Lulu anapukusa mutu.

"Nanga ayisikilimu?"

Lulu anapukusa mutu. "Tiyeni ku hotela. Sinditulukanso."

Amayi anakhala pambali pake.

"Tsitsa masikiyo," anatero amayi. "Ndi ya pamphuno, si ya m'maso."

"Onse andiseka, amayi."

"Ndaona. Unalakwa kudutsa chingwe. Kuli matenda. Koma kugwada sunalakwe."

"Maxon nayenso waseka."

"Maxon amaseka ngakhale khomo likatsekeka. Khalas, zatha. Chithunzi ukuchifuna kapena ayi?"

Lulu anaweramitsa mutu. Anayang'ana nsapato zake.

"Ndikuchifuna," ananong'ona.

"Ndiye dzuka. Chithunzi sichibwera pa benchi."

Lulu ndi amayi anabwerera pamzere. Lulu anayenda dontho limodzi. Anayenda dontho lina. Maso ake anali pansi. Mnyamata wonyodola uja anali chapafupi. Lulu anafuna kuthawanso. Amayi sanamusiye dzanja.

Nthawi ya Lulu inakwananso. Anaima pa dontho lake. Sanakweze dzanja. Sanakweze mutu.

A Ngamira anapinda bondo limodzi. Anapinda bondo lina. Chovala chinali cholemera. Anagwada pansi, phi!

Ana onse a pamzere anayang'ana.

M'khosi mwa chovalacho munatuluka mawu. Anali mawu apansipansi.

"Nili bwino, mwana wanga. Nanga iwe?"

Lulu anatong'ola maso. "Mumayankhula Chichewa, agogo?"

"Kwathu ni ku Chipata, ku Zambia," anatero a Ngamira. "Koma ugogo wanikulira. Sin'nakwatire n'komwe."

Amayi anaseka mpaka masiki inagwedezeka.

"Pano ana amanijambula chabe," anatero a Ngamira. "Wanipatsa moni ndiwe weka."

Lulu anagwada pa dontho lake. Sanadutse chingwe.

"Inenso ndili bwino, amalume," anatero.

Maxon anasiya dzanja la abambo. Nayenso anagwada, chopendekera. Abambo anajambula.

Kenako a Ngamira anafuna kudzuka. Analephera. Anayesanso. Analepheranso. Mlonda wa wezulo uja anawakoka mkono. Anakoka, nakoka, mpaka anaima.

"Tsopano kasitima," anatero Lulu.

Onse anakwera kasitima. Abambo anaonetsa Lulu chithunzi cha pa foni. Lulu wagwada uku. A Ngamira agwada uko. Chingwe chili pakati.

Pakamwa pa Lulu sipakuoneka. Pabisika ndi masiki. Koma maso ake akuseka.