Nyimbo ya Mwendo Wakumanzere

Agogo anali ataimirira kale, atagwira mpando, koma nyimbo sinayambe.

Chigwereni ndi matenda opha ziwalo, adokotala anawauza kuti m'mawa uliwonse aziyenda kuchoka pabedi kukafika pakhomo. Mwendo wakumanzere unali wamakani. Unkangomvera nyimbo imodzi yakalekale, ya ng'oma yolira pang'onopang'ono. Ng'oma ikati di, phazi limatsika.

Kale nyimboyo inali pa kaseti. Koma mdzukulu wawo, amene onse ankamutcha Kachala chifukwa chala chake sichinkachoka pafoni, anataya makaseti onse tsiku lokonza m'chipinda. Anati amangosunga mphemvu, nyimbo zonse zili pa intaneti. Agogo anamuchenjeza, monga ankachenjezera za nthambo zamagetsi, za agalu osauwa ndi za alendo omwetulira kwambiri. Ndani amamvera nkhalamba?

Tsopano Kachala ankangodina, nkhope itagwa. Dzina la nyimbo linkaoneka, koma litatuwa.

"Aichotsa, agogo."

"Ndani? Walowa m'nyumba muno?"

Mtsikanayo anafotokoza kuti nyimboyo sinali mufoni, inkachokera kutali, ndipo eni ake aichotsa. Agogo anasokonezeka. Ngati sinali mufoni, ankamva chiyani masiku onsewa? Kutaliko ndi kuti, akafunse? Anayang'ana kuseri kwa foni, kenako kudenga.

"Eni ake si ine? Ndinaigula iwe usanabadwe."

Kachala anabwerera pafoni. Anafufuza kwina konse, osaipeza. Anayesa nyimbo zina, koma zonse zinkathamanga ngati zikuthawa mvula, mwendo n'kungonjenjemera. Agogo anakhala pansi. Mawa lake anakana kuimirira, mkuja wakenso chimodzimodzi. Ankati amene anaba nyimbo osatsegula chitseko angathenso kuwakankha. Bondo linayamba kuuma.

Loweruka Kachala analowa ndi ndowa yopanda madzi, maso ali ofiira. Anaivundikira pansi n'kukhala pafupi ndi bedi.

"Agogo, imbani. Ine sindiidziwa bwino."

Anaimba ndi mawu onjenjemera, mdzukulu akumenya ndowa. Mtsikanayo akathamanga, agogo n'kumumenya padzanja, ayambirenso. Atagwirizana, Kachala anajambula pafoni, kenako anakopera pa kakhadi kakang'ono ngati chikhadabo n'kuwaika m'manja. Anati aka ndi kawo, palibe wakutali angakafikire, ndipo wasunganso kwina.

Agogo anakatembenuza. Nyimbo yonse ija, ndi ndowa yomwe, m'kanthu koti nkhuku ingameze? Sanamvetse ngakhale pang'ono. Anakamanga pa nsonga ya mpango, mfundo ziwiri, nauza Kachala kuti asatsegule zenera.

Kenako anagwira mpando.

"Usayatse foniyo. Menya ndowa, ndizikuona."

Ndowa inati di. Phazi lakumanzere linatsika.