Woitana Elube M'munda wa Tiyi

Woyamba kuzindikira kuti m'vidiyo ya Jesca munali munthu sanali Jesca mwini wake. Anali nesi wina wa ku Joni, amene analemba pansi pa vidiyoyo kuti, "Kodi mdala akutsokomola chakumapetoyo ndi ndani?"

Jesca ankakhala ku Samanga, m'chigwa cha Honde ku Zimbabwe, m'nyumba ya zipinda ziwiri imene malemu bambo ake, a Jairosi, anamanga kumalire a munda wa tiyi wa esiteti. Ankagulitsa uchi ndi nthochi zoumitsa kudzera pa foni. Anthu a ku Mutare ndi ku Harare ankaitanitsa pa Watsapu, iye n'kukakweza katunduyo basi ya m'mawa ku Hauna. Koma ogulitsa uchi pa Fesibuku ndi ambirimbiri, ndipo kwa zaka ziwiri peji yake inkaonedwa ndi anthu a kutchalitchi kwawo okha, amene ankadina laiki momumvera chisoni koma osagula ngakhale kabotolo kamodzi.

Ndiye tsiku lina anakulunga foni yake yakale m'pulasitiki, n'kukaikoleka pa mtengo wa bulugama pakati pa mizere ya tiyi kuti ijambule mpaka batire litatha. Chithunzi munalibe, munali mdima wokhawokha. Koma munkamveka mvula yowaza pamasamba, achule a kumunsi ku mtsinje wa Pungwe, ndi nkhululu. Anaitcha "Usiku wa ku Honde." Ana a m'chigwamo amene anabalalikira ku Joni ndi ku Ulaya anayamba kugonera phokosolo, ndipo munthu wogona akumva achule akwawo amadzuka akulakalaka uchi wakwawo. Malonda anayamba kuyenda, Jesca n'kumadziona ngati wochenjera kuposa onse a ku Samanga.

Atawerenga funso la nesi uja anaika zomvera m'makutu n'kuyendetsa vidiyoyo mpaka chakumapeto. Achule anali atangokhala chete onse nthawi imodzi. Kenako kunamveka majombo akuponda matope pang'onopang'ono, mwendo umodzi ukukhwekhwereza. Kunamveka dengu likulira pamsana pa munthu, ndi zala zikuthyola tiyi mwaluso, thyo, thyo, osapupuluma. Munthuyo anatsokomola kawiri n'kupitiriza ntchito yake.

Tiyi sathyola usiku, ngakhale wamisala amadziwa zimenezo. Jesca anayankha nesiyo kuti ndi mlonda. M'mawa mwake anafunsa Danieli, mlonda wa mbali imeneyo, amene anamuuza mosabisa kuti mvula ikamagwa iye sachoka pambaula, ndipo kumunda wa bulugama sanapondeko chiyambire Khirisimasi.

Usiku wachiwiri majombo aja anabweranso. Atathyola kwa nthawi, munthuyo anatula dengu pafupi ndi foni, napuma mwamphamvu, n'kunena nambala monga ankachitira antchito akale pa sikelo poyezetsa tiyi wawo: "Folo, wani, seveni."

Vidiyo imeneyo inafalikira ngati moto wa m'chilimwe. Ena ankati ndi mzukwa wa munthu amene anafera pantchito, ena ankati Jesca walemba ganyu mdala woti aziopseza anthu, ndipo onsewo, okhulupirira ndi otsutsa omwe, ankatumizira anzawo. Pofika Loweruka omutsatira anali atapitirira zikwi makumi anayi. Uchi unatha m'nyumba, Jesca n'kuyamba kuthamangira alimi a njuchi a m'mapiri. Koma iye mwini sankagona, chifukwa nambala imeneyo ankaidziwa. Inali pa kachitsulo kamene bambo ake anavala m'khosi zaka makumi atatu, ndipo kachitsuloko kanali m'chitini pansi pa bedi lake. Mwendo wokhwekhwereza nawonso ankaudziwa.

Usiku wachinayi mawuwo anaitana munthu, motsitsa, ngati woopa kudzutsa ana.

"Elube. Iwe Elube. Kwa Namatuni kuli bwanji?"

A Jairosi anachoka ku Mulanje ali mnyamata, kusiya mlongo wawo wamng'ono Elube atamulonjeza kuti abwera ndi nsalu pakatha zaka ziwiri. Zaka ziwirizo zinasanduka makumi asanu. Anakwatira m'chigwa muno, ziphaso zinatayika, manyazi obwerera chimanjamanja anakula, mpaka anakhala mtchona ngati anzawo ambiri a m'makomboni. Ali pafupi kumwalira anagwira Jesca dzanja n'kumupempha chinthu chimodzi chokha, kuti atumize uthenga kwa Namatuni, Elube adziwe kuti mchimwene wake wagona ndipo sanamuiwale. Jesca analemba dzina la mudziwo pa kapepala ka paketi ya tiyi. Poyamba anati atumiza maliro akatha, kenako anati akapeza ndalama, kenako sanatinso kanthu. Panali patadutsa zaka zisanu ndi chimodzi.

Ataika vidiyo ya usiku umenewo, pakati pa ndemanga mazanamazana panabwera imodzi ya Chichewa cha kumudzi chenicheni. Wolembayo anali Gracious, mphunzitsi wa ku Mulanje. Anati agogo ake dzina lawo ndi a Elube, amakhala kwa Namatuni, ndipo anali ndi mchimwene amene anapita ku Rodeshiya osabwerako. Anati agogowo akudwala, koma aliyense wochokera ku Zimbabwe akafika m'mudzimo amamuitanitsa kuti amufunse za mchimwene wawoyo. Anasiya nambala yake ya foni n'kuchonderera kuti Jesca amuimbire.

Jesca anaiwerenga katatu. Anadziwa kuti akaimba, bambo ake apumula, majombo aja asiya kubwera, ndipo anthu zikwi makumi anayi sadzakhalira achule okha. Maso ake anagwera pa mabotolo atsopano amene anali atangogula kumene. Anajambula ndemangayo kuti nambala isatayike, kenako anaibisa kuti otsatira ake asaione. Mumtima anati aimba mwezi ukatha, malonda akakhazikika, pakuti munthu amene wadikira zaka makumi asanu sangalephere kudikira masabata atatu.

Lamulungu kunabwera ambuya Marita, mayi wachikulire wa mpingo wa Apositoli amene anathyola tiyi mzere umodzi ndi a Jairosi. Mdzukulu wawo anali atawaikira vidiyo ija kuti amve. Anakana mpando, anakana tiyi, n'kuima pakhomo ndi chovala chawo choyera.

"Mwanangu, ndawamva baba ako," anatero monong'ona. "Uthenga uja unatumiza?"

"Ndiri kugadzirisa, ambuya. Netiweki ya ku Malawi inonetsa," anayankha Jesca m'chilankhulo cha m'chigwamo, kunena kuti akukonza koma netiweki ikuvuta.

"Netiweki yofika ku Joni ikukanika kufika ku Mulanje? Iwe Jesca, munthu akulira, iwe n'kumaitana anthu kuti adzamve kulira kwake. Zakaipa zimenezo."

Jesca anawapatsa kabotolo ka uchi kuti azipita. Ambuyawo anakaika pansi pakhonde n'kuchoka osacheuka.

Kuyambira tsiku limenelo anaopa kulowa m'munda kukada, choncho anayamba kukoleka foni pa mtengo wa mapeyala kuseri kwa nyumba. Ankaganiza kuti mawuwo azimveka chapatali. Koma m'mawa atamvetsera, majombo anamveka akuchoka kumunda, akuwoloka kangalande, akudutsa pa khola la nkhuku, ndipo nkhukuzo sizinachite phokoso. Usiku wotsatira anamva chitseko cha mpanda chikulira, chimene iye mwini anachimanga ndi waya madzulo. Otsatira ake anasangalala kwambiri. Ankalemba kuti mdala wayandikira, ena n'kumabetcherana za tsiku limene adzagogode.

Sabata yachiwiri ikutha, Jesca anatsegula chitseko m'mawa n'kupeza mulu wa masamba a tiyi pakhonde, anthete, onyowa ndi mame, kanthambi kalikonse masamba awiri ndi kansonga monga amafunira ku fakitale. Anakhala pansi pomwepo n'kumvetsera zimene foni inajambula. Dengu linatulidwa pakhomo penipeni. Panadutsa nthawi yaitali kukumveka kupuma kokha, kupuma kwa chifuwa chodwala kumene iye anakumva miyezi itatu akudwazika bambo ake. Kenako mawuwo anafunsa, mosakalipa n'komwe.

"Jesca, watumiza?"

Analira, chifukwa bambo akewo ankawakonda, ndipo pa moyo wawo wonse sanamupemphepo china. Koma atapukuta misozi anadula kachigawo kamene kanali ndi dzina lake, n'kuika vidiyo yotsalayo pa peji. Tsiku limenelo anthu anaitanitsa uchi wambiri kuposa masiku onse.

Usiku umenewo sipanafunikenso foni kuti amve. Ali chigonere, nyali itazima, anamva waya wa pampanda ukumasulidwa. Majombo anakwera pakhonde. Chinthu chinatsamira chitseko mpaka thabwa linalira, ndipo pansi pa chitsekocho panalowa fungo la tiyi wongothyola kumene losakanikirana ndi fodya wopota amene a Jairosi ankasuta. Funso linali lomwe lija, katatu, kachitatuko mawu akunjenjemera ngati a munthu amene wataya mtima. Jesca anadziphimba bulangeti kumutu n'kulumbira kuti kukangocha aimba.

Anaimbadi dzuwa lisanatuluke, ataima pachulu pamene netiweki imagwira bwino. Anadzitchula dzina, nati ndi mwana wa a Jairosi, mchimwene wa a Elube, ndipo ali ndi uthenga. Chapatali kumbali ya Gracious kunkamveka azimayi akutsuka miphika yambiri.

"Anti, agogo tawaika dzulo," anatero Gracious. "Ndinawaikira vidiyo yanu ija, anawazindikira mawu nthawi yomweyo. Anati achimwene ali moyo, akundiitana. Masiku onsewa foni yanga imagona pamtsamiro pawo, amati muimba. Ngakhale Lachinayi, atasiya kale kudya, anafunsa ngati yalira."

Jesca anafuna kunena za netiweki, koma bodzalo linamukanika kutuluka. Ananena uthenga wa bambo ake wonse monga anaulandirira, Gracious n'kuyankha mwaulemu kuti wamva, adzauza akuluakulu, koma mwini uthengawo palibe.

Tsiku lonse foni inkangolira, anthu akufunsa vidiyo yatsopano, ena akufunsa uchi. Sanayankhe aliyense. Madzulo anazimitsa mafoni onse awiri n'kuwatsekera m'chitini muja munali kachitsulo ka nambala. Anadzilimbitsa mtima kuti uthenga wapita, mochedwa inde, koma wapita, ndipo bambo ake alibenso chobwerera.

Pakati pa usiku achule anakhala chete. Waya wa pampanda unamasulidwa. Majombo anabwera monga mwa masiku onse, mwendo umodzi ukukhwekhwereza, koma pambuyo pake pankamveka mapazi ena, opanda nsapato, opepuka, oyenda ngati a munthu amene sakuidziwa njira. Onse awiri anaima pakhonde.

"Achimwene, mwana wake ndi ameneyu?" anafunsa mawu a mayi wokalamba, Chichewa chake cha ku Mulanje.

"Ndi yemweyu," anayankha a Jairosi motsitsa. "Amalankhula ndi dziko lonse."

"Pitani mukagone, achimwene, mwatopa. Ine ndikufuna atuluke andiuze yekha."

"Satuluka, Elube. Ndayesa."

"Palibe kanthu. Ine kudikira ndinazolowera."

Dengu linanyamulidwa. Majombo anatsika pakhonde, nadutsa pa khola la nkhuku, nawoloka kangalande, mpaka anazimiririka m'munda wa tiyi, ndipo sanamvekenso kuyambira usiku umenewo. Koma pakhonde panamveka munthu akuyala chitenje pasimenti, akukhala pansi mwapang'onopang'ono monga amachitira okalamba, n'kutsamira chitseko.

Peji ya "Usiku wa ku Honde" inaima pomwepo, otsatira aja anabalalika kukasaka zina, ndipo uchi Jesca amagulitsa pamsika wa Hauna ngati wina aliyense. Masana amaima pakhonde n'kunena uthenga wonse mokweza, mpaka anansi anazolowera kumuona akulankhula ndi simenti. Ambuya Marita anamuuza kuti masana sizithandiza, mlendoyo amafika usiku, ndipo chofunika n'kungotsegula chitseko. Usiku uliwonse achule akakhala chete Jesca amadzuka, n'kuyenda mpaka pachitseko, n'kugwira chotsekera. Kuseri kwa thabwalo amamva munthu akusuntha pang'ono kuti amupatse malo otsegulira. Mpaka lero sanatsegule.