Pokhota Pachiwiri

Msonkhano wa khonsolo unatha cha m'ma leveni koloko usiku. Lotfi Mabrouk, msungichuma, anatsalira kudinda chikalata. Potuluka anapeza a magalimoto onse atapita, basi anauyamba wapansi.

Nkhani inali ya ngalande ziwiri zapansi pa nthaka zimene kale zinkatunga madzi a m'nyanja kukaziziritsa makina a fakitale ya magetsi. Fakitaleyo inatsekedwa kalekale, koma ngalande zinatsala, ndipo msewu wa pamwamba pake unali utayamba kutitimira. Boma linavomera kulipira mainjiniya kuti afufuze kakwiriridwe kake ndi konkire, koma ndalama zake zinali zoperewera. Lotfi, munthu wouma manja ngakhale pa khofi wake yemwe, ndiye anapeza podula. Anafufuta madinala zikwi makumi anayi olipira akatswiri omira m'madzi kuti akaone m'katimo asanatseke.

"Mapulani a ngalandezo ali m'kabatimu," iye anatero. "Tikasakamonso chiyani, nsomba?"

Anthu anaseka, nakweza manja kuvomereza. Tsopano chikalatacho chinali m'chikwama mwake, chopita ku likulu m'mawa.

Njira yachidule imadutsa m'mbali mwa mpanda wa fakitaleyo. Magetsi a mumsewu umenewo anafa zaka zapitazo, ndipo ife a m'tauni muno tinatopa nako kuseka zimenezo. Lotfi ankayenda osaganiza kanthu, mpaka anamva kugogoda. Kho... kho... kho. Chitsulo pa chitsulo. Anaima. Kugogoda kunaimanso.

Patsogolo pake panali chivindikiro chachikulu cha ngalande, ndipo pamenepo panakhala munthu, chopalira chachitsulo chili m'manja. Anali wonyowa thupi lonse. Mvula inali isanagwe miyezi inayi.

"Mtendere ukhale nanu," anatero Lotfi.

"Ndi inunso, bambo Lotfi. Mulowamo liti?"

"Muti?"

Munthuyo analoza pansi ndi chopalira chija.

"Sitilowamo, bambo. Tingothira konkire."

"Osayang'anamo?"

Lotfi anamuyang'anitsitsa. Madzi ankadontha m'manja mwa munthuyo, koma pansi panali pouma gwa. Fungo la nkhono zowola linamupeza. Anachita mantha, mantha enieni.

"Nkhono ndapala zonse," anatero munthuyo modekha. "Mwayera bwino m'menemo. Mukamuuze Zohra kuti Hedi ali pokhota pachiwiri m'ngalandemu. Iye amayang'ana pokhota poyamba."

Lotfi anayamba kuyenda. Sanacheuke. Kho... kho... Kugogoda kunali pansi pa mapazi ake tsopano. Kunkamutsatira. Anafulumira. Nako kunafulumira. Anathamanga!

Kumapeto kwa msewuwo kuli bekare ya mkulu Salah, amene amayatsa uvuni anthu akamagona. Lotfi anagwera m'katimo ali wefuwefu.

"Bambo Lotfi akuthamanga?" anaseka mkuluyo. "Wina wakupemphani dinala?"

"Hedi ndi ndani?" anafunsa Lotfi.

Mkulu Salah anaika pansi thabwa la buledi, napukuta manja nthawi yaitali.

"Inu munabwera m'tauni muno mochedwa. Hedi, mwamuna wa Zohra, anali womira m'madzi wa fakitale, ankapala nkhono m'ngalande kuti madzi aziyenda. Tsiku lina ali m'kati, wina anayatsa mapampu. Zaka makumi atatu ndi zisanu zapitazo. Akuluakulu anati kuzimitsa makina kuti amusake kuika tauni yonse mumdima, ndiye sanazimitse. Mpaka lero sanatuluke."

"Nanga Zohra?"

"Alipo, wakalamba. Anzake Lachisanu amapita kumanda kukathira madzi pa mitumbira ya amuna awo. Iye amakathira pa chivindikiro cha pokhota poyamba, poti manda alibe." Mkuluyo anatenga buledi wotentha namupatsira. "Dzulo anali pompano, akusangalala ngati mwana. Anamva zoti khonsolo ilipira anthu olowamo. Nsalu yoyera yomukulungira wagula kale, malo kumanda wapempha kale."

Lotfi anagwira bulediyo, osamva n'kutentha komwe.

"Inu ndi amene munali kumsonkhanoko," anatero mkulu Salah. "Abwera mamawa kudzafunsa. Ndimuuze kuti alowamo liti?"