Mpando wa Pazenera ku Golomoti

Silvesta anali atajambula anthu ku Joni, ku Beira ndi ku Dar es Salaam, koma nkhope yomwe inamugwetsa anaipeza pa siteji ya minibasi pa Mtakataka. Anali Yunisi, mphunzitsi wa ku Mua.

"Achimwene, kamerayo ndi yeniyeni kapena ndi yongoopsezera atsikana?"

"Chemwali, iyi yadumpha malire anayi! Tamwetulirani muone."

Anamwetulira. Sabata isanathe, mafoni awo anali atatentha ndi mauthenga.

"Duwa langa, ndidzakutenga ukaone nyanja yamchere."

"Wapamtima, ine ndi wako mpaka kumanda."

Patatha miyezi isanu Yunisi analemba kuti: "Bwera Loweruka kwa amayi aang'ono ku Golomoti. Chinkhoswe cha iwe ndi ine chidzachitikira pabalaza pawo. Tiyeseretu zithunzi, m'nyumbamo mumada."

Chinkhoswe! Silvesta anavala jekete ya ku Joni ngakhale dzuwa linali lootcha.

Pabalazapo Yunisi anakhala pampando, zenera lili kumbuyo kwake. Silvesta anaika kamera pa oto, poti imadzisankhira yokha kuwala, n'kudina. Chithunzi chinatuluka: katani mbee, Yunisi bii ngati chitsa chopserera.

"Ukatswiri wa ku Joni uja ndi umenewu?"

Manyazi! Anayatsa fulashi. Mphumi inanyezimira, maso psuu ngati wa kachasu.

"Oto ndi wopusa, mayi wa ana anga," anatero akupukuta thukuta. "Akaona zenera likuwala amayesa nyumba yonse yawala, ndiye amachepetsa kuwala. Tandithandiza mpandowu."

Anautembenuza kuti kuwala kwa pazenera kugwere kumaso. Anazimitsa fulashi, n'kudina kawiri batani lowonjezera kuwala. Eee! Yunisi anatuluka ngati wa pa kalendala.

"Komatu tsikulo tidzakhala awiri," anatero Yunisi. "Iwe wagwira kamera. Feston, mchimwene wanga, tabwera ukhale pamalo pa alamu ako."

Feston, mnyamata wamtali wosayankhulayankhula, anakhala.

"Alamu, sunthirani pafupi!" Silvesta analamula monyadira. "Mugwireni dzanja mmene ndidzamugwirire ine. Muyang'aneni m'maso. Basi, pomwepo!"

Alamuwo anamvera bwino zedi. Madzulo omwewo Silvesta anatumizira Yunisi zithunzi zonse.

Kenaka foni ya Yunisi inayamba kungoitana osayankhidwa. Ntchito yachuluka kusukulu? Wadwala? Chalakwika n'chiyani?

Patatha masabata atatu Silvesta analowa mu shopu ya a Amosi pa Mtakataka, momwe ankatsukitsa zithunzi. Pa kauntala panali mulu wa makadi.

"A ku Joni, bwerani muphunzire ntchito!" a Amosi anaseka, n'kumupatsira khadi limodzi. "Chithunzi cha m'nyumba kuwala chonchi? Inuyo simungathe."

Mpando womwe uja. Kuwala komwe kuja. Manja awiri ogwirana mmene iye anawagwiritsira. Pansi pake panalembedwa: "Chinkhoswe cha Yunisi ndi Feston."

"Koma awa si pachibale?" Silvesta anafunsa.

"Chibale chanji? Mnyamatayu ndi wa ku Sharpevale, akhala akubwera limodzi muno kuyambira chaka chatha."

Silvesta anatuluka panja n'kutulutsa foni. Analemba: "Yunisi, chifukwa chiyani?"

Ulendo uno yankho silinachedwe.

"Pepa, Silve. Tinayesa ojambula atatu, onse zithunzi zimatuluka zakuda."